Filimu yoteteza magalasi a mawindo: mafunso ndi mayankho kwa eni nyumba ku Chipata

Mafunso ali m'munsimu ndi amene eni nyumba, ochita lendi ndi eni mashopu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amafunsa kawirikawiri asanamate filimu pa magalasi awo. Tayankha molingana ndi mawindo amene ali m'nyumba zathu kuno: achitsulo a putty, a aluminiyamu okoka, ndi ma louvre.

Kodi filimu yoteteza n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi tinti ya galimoto?

Ndi pepala la pulasitiki ya mtundu wa polyester, lokhala ndi guluu wamphamvu mbali imodzi ndi chikopa cholimba chosakandika msanga mbali inayo. Limamatidwa mkati mwa nyumba, pa galasi lenilenilo. Galasi likamenyedwa limaswekabe, koma zidutswa zake zimakakamira ku filimu m'malo moyoyoka, ndiye pawindo sipatseguka bowo nthawi yomweyo.

Tinti ya galimoto ndi yopyapyala, ntchito yake ndi kudetsa galasi ndi kuchepetsa dzuwa basi. Mwala ukafika imang'ambika limodzi ndi galasi. Ambiri amanamizidwa pamenepa chifukwa amaganiza kuti kuda ndiye kulimba. Filimu yoteteza yeniyeni nthawi zambiri imakhala yoyera mbee, moti mlendo sangadziwe kuti ilipo.

Ndiye wakuba sangalowe?

Angathe kulowa. Filimu sisandutsa galasi kukhala chitsulo, ndipo siimitsa chipolopolo, kaya wogulitsa alumbire motani. Chimene imachita ndi kuchedwetsa. Galasi wamba la 3 mm kapena 4 mm limagwa ndi kumenya kumodzi, munthu n'kulowetsa dzanja, n'kutsegula chogwirira. Lomatidwa filimu yokhuthala liyenera kumenyedwa mobwerezabwereza pa malo amodzi mpaka bowo litang'ambika, ndipo kumenya kulikonse ndi phokoso. Nthawi imeneyo ndi yoti mudzuke, muyatse tochi, muimbe foni, agalu auwe, aneba atuluke. Akuba ambiri a m'makomboni amadalira changu ndi kachetechete, ndiye windo likawavuta amalisiya.

Ubwino wina ndi woti sidalira magetsi. Alamu ndi waya wamagetsi zimafooka malaiti akapita kwa maola ambiri batire n'kutha, pomwe filimu imakhala chimodzimodzi usana ndi usiku.

Ndigule yokhuthala bwanji?

Kukhuthala kumalembedwa m'ma micron kapena mu mil. Mil si milimita: 1 mil ndi ma micron pafupifupi 25, choncho filimu ya 4 mil ndi ma micron 100, amene ndi 0.1 mm chabe. Tinti wamba amakhala pakati pa 1 mil ndi 2 mil.

Ya 4 mil ndi yoteteza anthu ku zidutswa: mwana akagunda galasi, mpira ukamenya windo, kapena mphepo ya mvula ikamenyetsa windo lotsegula. Pa nkhani ya akuba ndi yochepa. Ife timati muyambire pa 7 mil kapena 8 mil, ndiwo ma micron 175 kapena 200, pa mawindo onse ofikirika munthu ataima pansi. Ya 12 mil, ma micron 300, ikhale ya zitseko zagalasi ndi mawindo aakulu a shopu, koma imeneyo ndi yovuta kudula ndi kufinya, yofunika waluso.

Funsani pepala la wopanga. Filimu yodalirika imalembedwa mayeso amene inapambana. Pa mayeso a ku Ulaya otchedwa EN 12600 amamenya galasi ndi chinthu cholemera 50 kg cholendewera, ndipo chizindikiro cha 2B2 chimatanthauza kuti chinachokera pa 450 mm, pomwe 1B1 ndi pa 1200 mm. Pa EN 356, amene amayesa za kuthyola, amagwetsa mpira wachitsulo wa 4.11 kg katatu: kuchokera pa 1.5 m ndi P1A, pa 3 m ndi P2A. Makampani odziwika monga 3M, LLumar, Solar Gard ndi Madico amatulutsa mapepala otere. Mpukutu wopanda dzina, wopanda nambala, wopanda pepala, uoneni ngati tinti basi.

Mawindo anga ndi achitsulo, magalasi anagwidwa ndi putty. Kodi filimu ithandiza?

Funso ili ndi lalikulu kuposa onse, ndipo ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira. Filimu imagwira zidutswa za galasi kuti zikhale pamodzi, koma payokha sigwira galasi ku felemu. Ngati m'mphepete muli mofooka, galasi lonse limatuluka ngati chitseko, filimu ili bwinobwino.

Pa mawindo achitsulo, galasi limakhazikika pa kamphepete kachitsulo ka mkati, ndipo putty amapakidwa kunja. Dzuwa la zaka zambiri limaumitsa putty, amang'aluka n'kumagwa yekha. Wakuba wodziwa samenya n'komwe: amakokota putty ndi mpeni kapena sikuludiraiva, n'kunyamula galasi lathunthu, n'kulitsamiritsa pakhoma popanda phokoso. Choncho musanagule filimu, zungulirani nyumba kunja, dinani putty ndi chala, gogodani galasi lililonse. Likamagwedera, yambani mwakonza pamenepo.

Pali njira zitatu zomatira, ndipo mphamvu zake n'zosiyana. Yoyamba ndi yomata pa gawo looneka la galasi lokha, n'kusiya kampata ka 1 mm mpaka 2 mm kuzungulira. Imeneyi ndi yosavuta ndipo imakwanira pa nkhani ya zidutswa, koma pa akuba ndi yofooka chifukwa galasi limaduka motsatira kampata komweko. Yachiwiri ndi yomata motero, kenako patapita masiku angapo m'mphepete mutauma, kuika mzere wa silikoni mkati kuzungulira mbali zonse zinayi, wogwira filimu ndi felemu pamodzi. Pa felemu yotakata, mzerewo ugwire pafupifupi 10 mm pa filimu ndi 10 mm pa chitsulo. Pa mawindo achitsulo kamphepete kamakhala kakang'ono, ndiye gwiritsani ponse pamene pangatheke. Silikoniyo akhale wa structural, kutanthauza wamphamvu wogwira galasi ku felemu, wosanunkha viniga, monga DOWSIL 995. Wa kubafa wonunkha viniga uja ndi wofooka pa ntchitoyi ndipo amachititsa dzimbiri pa chitsulo. Chitsulo chipalidwe kaye, pasakhale dzimbiri kapena penti yosupuka, apo ayi silikoni agwira penti m'malo mwa felemu.

Yachitatu ndiyo yabwino koposa ngati mukumanga kapena mukusintha magalasi: matani filimu galasi lili patebulo, mpaka kumapeto kwenikweni, kenako likhazikeni mu felemu pa silikoni yemweyo, muike timakilipu tachitsulo togwira galasi, putty abwere kunja pomalizira. Apa filimu imalowa kuseri kwa chitsulo ndipo palibe kampata kofooka.

Ngati mwangopaka putty watsopano, dikirani milungu iwiri kapena itatu aume. Mafuta ake akafika pa galasi, guluu wa filimu sagwira m'mphepete.

Nanga ma louvre, galasi la maluwa ndi mawindo okoka?

Pa ma louvre musataye ndalama pofuna chitetezo ku akuba. Galasi lililonse limasololedwa munthu akangopinda timalata ta m'mbali. Pamenepo pafunika ma burglar bar kapena kusintha windo.

Galasi la maluwa la kubafa limakhala ndi mbali imodzi yosalala, ina yokhakhala. Filimu imagwira kosalala kokha. Ngati kosalala kuli kunja, litembenuzeni galasilo, chifukwa filimu ya mkati ikaikidwa panja imaonongeka msanga ndi dzuwa ndi mvula.

Pa aluminiyamu wokoka, galasi limagwidwa ndi labala, ndipo labala akatha galasi limakankhika. Apa silikoni ndi wofunika kwambiri. Onaninso ngati chitseko chokokacho sichinyamuka n'kuchoka mu njanji yake. Sikuluwu imodzi kapena ziwiri mu njanji yapamwamba zimaletsa zimenezo. Pa pulasitiki yooneka ngati galasi, monga perspex, filimu ya galasi imatuluka thovu ndipo sigwira.

Ndili kale ndi ma burglar bar. Kodi ikufunikabe?

Filimu silowa m'malo mwa ma burglar bar, koma ziwirizi zimathandizana. Zitsulo zimaletsa thupi kulowa, koma siziletsa kuswa galasi n'kuwedza foni, laputopu, chikwama kapena makiyi ndi ndodo ya waya. Filimu imatseka mpata umenewo, malinga windo lili lotseka. M'mwezi wa Okutobala anthu ambiri amagona mawindo ali otsegula chifukwa cha kutentha, ndipo pamenepo filimu ilibe chochita: chotsani zinthu zamtengo pafupi ndi windo.

Ndikufuna kumata ndekha. Ndikonze chiyani?

Botolo lopopera madzi la lita imodzi, shampu ya ana, squeegee (chokokera madzi pa galasi) yolimba ya labala yokhala ndi chogwirira, chopalira galasi cha lezala, mpeni wa ma blade othyola ndi ma blade atsopano ambiri, rula yachitsulo, tepi yoyezera, selotepi, kakhadi kolimba kapulasitiki, ndi mapepala opukutira osasiya ubweya. Pakhalenso munthu wachiwiri, chifukwa filimu yokhuthala imadzipinda ndipo guluu akakhudzana ndi guluu, chidutswacho chatayika.

Mu lita imodzi ya madzi thirani madontho 4 mpaka 6 a shampu. Sopo akachuluka, filimu imatsetsereka ndipo imachedwa kugwira. Akachepa, imagwira musanaiongole. Sopo wochapira zovala, viniga ndi mankhwala otsukira magalasi okhala ndi amoniya asayandikire. Madzi a pachitsime kapena pa borehole nthawi zambiri amakhala ndi mchere ndi timchenga, ndipo zimenezi zimatsekeredwa pansi pa filimu mpaka kalekale. Gwiritsani ntchito madzi a m'botolo kapena a distilled amene amathira m'batire ya galimoto, osati asidi.

Kamatidwe kake kamayenda bwanji?

Kutsuka ndiye theka la ntchito. Chotsani makatani, sesani ndi kukolopa chipinda, tsekani zitseko, zimitsani fani. Poperani galasi, lipaleni lonse ndi lezala yatsopano lili lonyowa kuti muchotse madontho a penti, simenti ndi zitosi za ntchentche. Lezala youma kapena yadzimbiri imakanda galasi. Pa chitseko cha galasi la toughened, lolimbitsidwa ndi kutentha ku fakitale, limene limakhala ndi kachidindo pakona, palani mosamala kwambiri chifukwa limakandika msanga. Pukutani felemu ndi makona onse, poperaninso, kokani madzi ndi squeegee, kenako bwerezani kachiwiri.

Dulani filimu patebulo loyera, yoposa galasi ndi 2 cm mbali iliyonse. Ya 12 mil iduliretuni pa muyeso weniweni, yochepera ndi 3 mm m'litali ndi m'lifupi, chifukwa kuidula ili pa galasi n'kovuta.

Kuti musupule pepala lotchinga guluu, matani selotepi mbali zonse ziwiri za kona imodzi n'kukoka mosiyanitsa. Mmodzi agwire filimu, wina azisupula uku akupopera guluu mpaka anyowe yense. Zala zikhale zonyowa, apo ayi zidindo zake zidzaoneka. Poperaninso galasi kwambiri, ikani filimu, itsetsereni mpaka ikhale pamalo pake, kenako poperani pamwamba pake kuti squeegee iyende bwino.

Yambani ndi mzere umodzi wopingasa chakumtunda kuti filimu iime, kenako wina wotsika pakati. Kuchokera pamenepo kankhani madzi kuchoka pakati kupita m'mbali, mzere uliwonse ukuphimba theka la mzere wapitawo. Mukatero dulani zotsala: ikani kakhadi pakati pa felemu ndi mpeni kuti pasale kampata ka 1 mm mpaka 2 mm. Filimu ikakwera pa putty kapena pa labala, m'mphepete mumatukuka, fumbi n'kulowa. Thyolani blade pakatha magalasi awiri kapena atatu, chifukwa yobuntha imang'amba filimu.

Kenako kufinya kwachiwiri, kumene ambiri amakuchita mwaulesi. Poperaninso pamwamba, gwirani squeegee ndi manja awiri, kankhani ndi mphamvu ya thupi lonse, pang'onopang'ono. Guluu wa filimuyi amagwira chifukwa cha kudinikizidwa, ndipo madzi otsala amafooketsa kugwirako. Pa galasi la 3 mm kapena lalikulu logwedera, chepetsani mphamvu pakati kuti lisasweke. Malizani ndi kakhadi kokulungidwa m'pepala lopukutira, mukukankhira madzi m'mphepete kuti pepala liwamwe asabwerere.

Yambirani pa windo la kusitolo kapena la kuseri, osati la pabalaza.

Ndi nyengo iti yabwino?

Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya mphepo ndi fumbi, makamaka ku nyumba za m'mbali mwa misewu yadothi ku Mchini, Magazine kapena Navutika. Ngati mukumata nthawi imeneyo, chitani m'mamawa mphepo isanayambe, ndipo wazani madzi pabwalo pafupi ndi windo. Mu Okutobala filimu imauma msanga, koma osamata pa galasi limene dzuwa likuliomba, chifukwa madzi amauma musanamalize kufinya. Tsatirani mthunzi: mawindo a kumadzulo m'mawa, a kum'mawa masana. Mu Juni ndi Julayi, komanso m'dzinja, ntchito imatheka koma kuuma kumachedwa.

Ndamata, koma pakuoneka chifunga ndi timatuza. Kodi ndaononga?

Yang'anitsitsani. Chifunga ndi timatuza ta madzi n'zachibadwa, zimatha zokha madzi akamatuluka kudzera mu filimu. Ya 4 mil imatenga pafupifupi masiku 30, yokhuthala imatha kufika masiku 60 mpaka 90, makamaka pa windo losaombedwa dzuwa. Musaboole ndi singano, musadine ndi chala. Mphamvu yonse ya filimu imafika ikamaliza kuuma.

Thovu la mpweya limaoneka loyera, louma, ndipo silichoka: linatsala pofinya. Kadontho kokhala ndi kachitsotso pakati ndi fumbi kapena ubweya wa nsalu, nakonso sikachoka. Tiwiri titatu pa galasi sitichepetsa chitetezo. Koma m'mphepete mukamatukuka ngati zala, ndiye kuti filimu yakwera pa felemu, kapena panali mafuta, ndipo chidutswacho chiyenera kusinthidwa.

Ndinamva kuti filimu imaswa galasi. N'zoona?

Yoyera kawirikawiri siswa. Vuto limabwera ndi yakuda kwambiri, imene imamwa kutentha. Pakati pa galasi pamatentha n'kufutukuka, pomwe m'mphepete mobisika mu felemu muli mozizira, ndiye mng'alu umayambira m'mphepete. Zimachitika kwambiri pa galasi lobenthuka podula, lopanikizika pa chitsulo popanda mpata, kapena limene theka lili pa dzuwa theka pa mthunzi wa khonde. Kuno mawindo oyang'ana kumadzulo, ndi oyang'ana kumpoto m'miyezi yozizira, ndiwo amalandira dzuwa lambiri. Galasi limene lili kale ndi mng'alu lisinthidwe, lisamatidwe.

Kodi imachepetsa kutentha? Nanga anthu akunja aziona mkati?

Yoyera imatchinga pafupifupi 99 peresenti ya kuwala kwa UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kumene kumathandizira kusuwitsa makatani ndi masofa, koma kutentha imachepetsa pang'ono chabe. Ilipo yophatikiza chitetezo ndi kubweza dzuwa, yonyezimira ngati kalilole. Imeneyo imakubisani masana okha. Usiku mukayatsa getsi zimatembenuka: wakunja amakuonani bwinobwino, inu osamuona. Makatani asachoke.

Nanga moto utabuka m'nyumba?

Ili ndi funso loyenera kuliganizira musanamate. Chimene chimachedwetsa wakuba chimachedwetsanso inu ngati mukufuna kuswa galasi kuti muthawe, ndipo chimachedwetsa aneba obwera kudzakupulumutsani. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi windo limodzi lotseguka mokwanira kutulukira munthu, ndipo ngati pali ma burglar bar, amodzi akhale otseguka, okhala ndi loko, kiyi wake ali pamalo odziwika kwa onse a m'nyumba, ana omwe, koma posafikirika kuchokera panja. Nyumba zimene zimagwiritsa ntchito makandulo ndi mbaula malaiti akapita zisanyozere zimenezi.

Ndiwerengere bwanji kuchuluka kogula?

Mipukutu yambiri ndi yotambalala 1.52 m, ndipo wathunthu ndi wautali pafupifupi 30 m, koma ogulitsa ambiri amadula pa mita. Yezani galasi lililonse palokha, osati windo lonse. Tinene kuti muli ndi magalasi 24, lililonse 45 cm kwa 60 cm. Ndi zoonjezera, chidutswa ndi 49 cm kwa 64 cm. Zitatu zimakwana m'lifupi mwa mpukutu, chifukwa ndi 147 cm. Mizere 8 ya 64 cm ndi 5.12 m. Gulani 6 m kuti pakhale poyambiranso chidutswa chikapindika. Ngati mukuitanitsa ku Lusaka pa basi, ibwere yokulungidwa pa chubu chake m'katoni. Filimu yopindidwa imasiya mzere umene suchoka.

Ndalama zikachepa, yambani ndi magalasi oyandikana ndi zogwirira ndi maloko, a kuseri kwa nyumba kumene kulibe maso a anthu, ndi a chitseko. Kuli bwino kumata ya 8 mil ndi silikoni pa mawindo asanu ofunika kusiyana ndi ya 4 mil nyumba yonse.

Ndikalemba munthu womata, ndimufunse chiyani?

Akuonetseni katoni ya mpukutu ndi nambala yake musanalipire, ndipo pa risiti palembedwe dzina la filimu ndi kukhuthala kwake. Mufunseni chimene achite ndi putty ndi m'mphepete. Akayankha kuti filimu payokha ndi yokwanira, dziwani kuti anazolowera magalimoto. Pemphani kachidutswa mukayerekeze ndi zimene wamata. Ngati mukuchita lendi, gwirizanani kaye ndi a landilodi, makamaka pa za silikoni, chifukwa kumuchotsa pa felemu ndi ntchito.

Ndiisamale bwanji, ndipo ikhala zaka zingati?

Kwa masiku 30 oyamba musaitsuke. Pambuyo pake, madzi a sopo pang'ono ndi nsalu yofewa zakwana. Sitiliwulu, siponji yokhakhala, phulusa ndi lezala zimakanda. Musamatepo selotepi kapena zomata za ana. Yomatidwa bwino mkati imatha zaka 10 mpaka 15, ndipo ya kumadzulo imakalamba msanga kuposa inzake. Ikayamba chikasu, kutuwa kapena kusupuka m'mphepete, yatha.

Poichotsa, poperani madzi a sopo, phimbani ndi pulasitiki kuti asaume, dikirani ola limodzi kapena awiri dzuwa likutenthetsa galasi, kenako kokani pang'onopang'ono kuyambira pakona. Guluu wotsala mupale ndi lezala galasi lili lonyowa. Galasi lomatidwa likasweka, valani magolovesi, dulani silikoni ndi mpeni, litulutseni lathunthu, ndipo latsopano limatidwe lisanaikidwe mu felemu.